Galimoto yamagetsi ku Tete: yomangidwa mwapadera, kapena ya petulo yongosinthidwa?

Funso limene landichulukira chaka chino, kaya ndili ku ofisina, galaja yokonzera magalimoto, ku Moatize kaya ndakwera kumudzi ku Ulongwe, ndi limodzi lomweli: "Achimwene, inu ndinu a mawaya a galimoto, tatiuzani, yamagetsiyi tigule iti?" Ambiri amabwera atatsegula kale chithunzi pafoni, kagalimoto kotchipa kochokera ku Japan, n'kumadikira kuti ndingovomereza. Ndiye ndati ndilembe yankho langa kamodzi. Zoti galimoto yamagetsi ilibe oilo wa injini, ilibe ekisozi ndipo siisokosera, mukuzidziwa kale. Ine ndikufuna tikambe za kunsi kwake, kumene wogulitsa sajambula.

Magalimotowa ali m'magulu awiri. Loyamba ndi lija kampani imatenga galimoto ya petulo imene ilipo kale, kuchotsa injini ndi thanki, n'kumafunafuna mipata yolowetsamo batire. Volkswagen e-Golf ya 2014 ndi yotero: batire lake analipinda kuti lina likhale pansi pa mipando, lina mumpata wapakati momwe mumadutsa paipi ya utsi. Hyundai Kona Electric ya 2018 nayonso imagawana thupi ndi Kona ya petulo. Gulu lachiwiri ndi la magalimoto amene akatswiri anayamba ndi batire, zina zonse n'kuzikonza molizungulira. Volkswagen imatchula maziko ake kuti MEB, pomwe pakhala ID.3 ndi ID.4. Hyundai ndi Kia amati E-GMP, ya Ioniq 5 ndi EV6. BYD ya ku China imati e-Platform 3.0, ya Dolphin ndi Atto 3. Kamangidwe kake n'kofanana: batire lathyathyathya lagona pansi pakati pa matayala anayi, mota ili pa ekiselo, thupi n'kudzakhala pamwamba. Tesla Model S ndi imene inatchukitsa kamangidweka mu 2012.

Aliyense amene anapakirako kachewere m'ngolo ku Tsangano amadziwa kuti matumba olemera amakhala pansi, pakati, kuti ngolo isapendekeke pokhota. Nzeru ya maziko atsopanowa ndi yomweyo. Batire la galimoto limalemera makilogalamu 300, 400, lina kuposerapo, ndipo likagona pansi galimoto imagwira msewu bwino kwambiri. Phindu lina ndi malo. Mota yamagetsi ndi yaing'ono, siifuna boneti lalitali, choncho matayala amakankhiridwa kumakona. e-Golf ndi ID.3 n'zofanana kutalika, pafupifupi mamita 4.27 ndi 4.26, koma kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo e-Golf ili ndi mamita 2.63 pamene ID.3 ili ndi 2.77. Mpata wowonjezerawo ndi umene unachititsa kuti e-Golf ithere pa batire la 35.8 kWh (muyeso wa magetsi amene batire limasunga) pamene ID.3 inatuluka ndi la 58, lina mpaka 77. Kampani ndi imodzi, kukula kwa galimoto n'kumodzi, koma ina imanyamula magetsi owirikiza kawiri. Volkswagen yomweyo inasiya kupanga e-Golf kumapeto kwa 2020.

Pa pepala, basi, gulu lachiwiri lapambana. Koma dzina la maziko si funso loyamba kwa munthu wokhala m'chigwa cha Zambezi. Funso loyamba n'lakuti batirelo limaziziritsidwa ndi chiyani.

Apa ndichedwapo, chifukwa apa ndi pomwe ndalama za anthu zikupsera. Batire la lithiamu limakonda nyengo yomwe thupi la munthu limakondanso, madigiri 20 mpaka 30 kapena kupitirirako pang'ono. Likamakhala pamoto tsiku ndi tsiku, mkati mwa maselo mumachitika kudyeka kumene sikubwerera, ndipo limayamba kusunga magetsi ochepa. Silifa tsiku limodzi ayi, limangofota. Tsono taganizirani Tete mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo, madigiri apitirira 40 pamthunzi, phula likutentha moti sungaliponde ndi phazi. Batire la galimoto lili masentimita 15 okha pamwamba pa phula limenelo. Mukaliyendetsa limatentha lokha, mukalitchaja limatenthanso, usiku ukafika mphepo siibwera kudzaliziziritsa chifukwa m'tauni ya Tete ngakhale pakati pausiku thukuta silileka. Limayamba tsiku lotsatira lisanazizire.

Galimoto imene anthu amandionetsa kawirikawiri pafoni ndi Nissan Leaf. Ndimailemekeza: inatuluka mu 2010, mota yake ndi yolimba, kamangidwe kake n'kosavuta kumva, ndipo batire analiika pansi kuyambira pachiyambi ngakhale kutsogolo kwake kumafanana ndi kwa galimoto wamba. Koma Leaf ya m'badwo woyamba, ya 24 ndi 30 kWh, ndiponso ya m'badwo wachiwiri, ya 40 ndi 62 kWh, batire lake lili m'bokosi lachitsulo lotseka lopanda madzi oziziritsa, lopanda ngakhale fani. Limangodalira kuti kutentha kuchoke kokha kudzera m'chitsulocho. Ku Japan kapena ku Norway zimenezi zimatheka. Kumalo otentha zinaoneka msanga. Mu 2012 eni ake a Leaf ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, komwe kumatentha ngati kwathu kuno, anayamba kudandaula kuti mabatire awo akufota galimoto isanathe ngakhale zaka ziwiri. Nkhaniyo inafika mpaka kukhoti, ndipo Nissan inaika chitsimikizo chatsopano chakuti idzakonza batire likatsika kuchepera timizere 9 pa 12 ta pa dashibodi tosonyeza thanzi la batire, mkati mwa zaka 5 kapena mamailosi 60,000. Pambuyo pake anasintha mankhwala a m'maselo kuti azipirirako kutentha, koma madzi sanaikemo mpaka Leaf ya m'badwo wachitatu ya 2025. Ya 40 kWh inadziwikanso ndi vuto lina: mukaitchaja mwachangu kawiri katatu pa ulendo umodzi, kompyuta yake imatsitsa liwiro lotchajira kuti batire lisapse. e-Golf nayonso ilibe choziziritsira batire.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Leaf imene ikubwera kuno si yatsopano. Yatha zaka 8 kapena 10 ku Japan, batire lafota kale, chitsimikizo chinatha kalekale, kenako tikuitenga kudzaiika m'ng'anjo. Munthu wagulitsa ng'ombe zake, walipira sitima mpaka ku Beira, walipira alfandega (a kasitomu) ndi despachante (womutulutsira galimoto ku kasitomuko), ndipo chaka chisanathe akuona kuti kuchoka ku Matundo kupita ku Moatize n'kubwerera ali ndi AC woyatsa wayamba kumuwerengetsa timizere. Akafunsa mtengo wa batire lina, apeza kuti ukufanana ndi wa galimoto yonse, mwinanso kuuposa. Mtengo wotchipa wa pachithunzi uja unali wotchipa pachifukwa chimenechi. Ndipo ogulitsa ena osaona mtima amafufuta zimene kompyuta ya batire inasunga kuti timizere tonse 12 tionekenso, n'kudzagwa pakapita milungu ingapo galimoto ili kale m'manja mwa mwini watsopano. Kuchitira mnzako zimenezi ndi kuba, palibe dzina lina.

Tsopano onani Kona Electric ya 64 kWh. Ndi galimoto yongosinthidwa, ya gulu lija ndati latsalira, koma batire lake lili ndi mapaipi a madzi, pampu ndi rediyeta, ndipo kukatentha kwambiri AC wa galimoto amathandiza kuziziritsa madziwo. Kwa ine Kona yoteroyo ikuposa Leaf kutali pa nyengo ya kuno. Nayo ili ndi mbiri yake yoipa: mu 2020 ndi 2021 Hyundai inaitanitsa magalimoto ambirimbiri kuti isinthe mabatire chifukwa ena ankayaka moto, vuto lochokera ku fakitale ya maselo. Wogula Kona ya zaka zoyambazo aone pepala losonyeza kuti batire linasinthidwa. Popanda pepalalo musaiyandikire.

Maziko atsopano onse atatu ali ndi choziziritsira. MEB ndi E-GMP amayendetsa madzi m'mbale ya aluminiyamu imene maselo akhalapo. BYD pa Dolphin ndi Atto 3 imadutsitsa gasi wa AC mwachindunji pa batire. Kenako pali mankhwala a m'maselomo. ID.3 ndi Ioniq 5 zoyambirira zili ndi maselo a nickel, manganese ndi cobalt, amene amasunga magetsi ambiri pa kilogalamu koma sakonda kukhala odzaza 100% padzuwa, n'chifukwa chake amalangiza kuti tsiku ndi tsiku muzilekezera pa 80%. BYD inatulutsa batire lake la Blade mu 2020, la mtundu wa LFP, wa chitsulo ndi phosphate. Limalemera kwambiri pa magetsi omwewo ndipo limafooka kumalo a chipale chofewa, koma limapirira kutentha, silidyeka msanga mukamalidzaza mpaka pakamwa, ndipo siligwira moto msanga likabooka. Chipale chofewa kuno kulibe, ngakhale chisanu cha Juni ku Domwe sichifika pamenepo. Zofooka za LFP ndi za kumaiko ena, mphamvu zake ndi za kuno.

Koma maziko atsopano ali ndi chilema chimodzi chimene mabuku a ogulitsa satchula. Ndinalowapo m'dzenje la ofisina pansi pa galimoto ina yamagetsi imene inabwera kudzasintha mabushi. Munthu wozolowera kuona sampu, giyabokosi, shafti ndi ekisozi amadabwa: kunsi konse ndi mbale imodzi yosalala kuchokera kumbuyo kwa matayala akutsogolo mpaka pafupi ndi akumbuyo, ndi mawaya okhuthala a mtundu wa lalanje akutuluka kumapeto. Pakati pa mbaleyo panali mikwingwirima iwiri yaitali, penti itasupuka, pomwe inakhula hampu. Ndinayendetsa chala m'menemo ndikudziwa kuti kuseri kwa chitsulo chimenecho kuli chinthu chodula kuposa china chilichonse pa galimotoyo. Ambiri mwa magalimotowa mpata wa kunsi ndi masentimita 15 mpaka 18. Atto 3 ili ndi 17.5, Kona Electric ili pafupifupi 16 chifukwa batire lake limalendewera pansi pa thupi limene silinapangidwire kulinyamula. Ndipo matayala akatalikirana, mimba imakhula msanga pa chitunda. Ioniq 5 ili ndi mamita 3 athunthu pakati pa ma ekiselo, zabwino kwa miyendo ya okhala kumbuyo, zoopsa pa msewu wafumbi wokumbika ndi mvula. Sampu ya Hilux ikabooka timawotcherera. Bokosi la batire likatifuka, ndi nkhani ina. BYD Seal inapitiriranso apo, batire lake ndi mbali ya thupi lenileni la galimoto, chivundikiro chake ndicho pansi pomwe mumaponda. Galimoto imalimba, koma wokonza ndiye amavutika.

Mawaya a lalanje aja, abale anga a m'maofisina, amanyamula mavoti pafupifupi 400, ena kuposa apo. Si oyesera ndi sikuludiraiva ngati a batire la 12.

Za mavoti 800 anthu amazikonda kwambiri, ndiye ndinenepo. Porsche Taycan inayamba nazo mu 2019, E-GMP n'kuzibweretsa pa galimoto za anthu wamba mu 2021. Mukawirikiza mavoti kawiri, mphamvu yomweyo imadutsa ndi theka la ma ampeya, ndipo kutentha kwa m'mawaya kumatsika kanayi. Choncho mawaya amakhala opyapyala ndipo Ioniq 5 imatha kuchoka pa 10% kufika pa 80% m'mphindi 18. Ndi luso lenileni, ndimaligomera. Koma mphindi 18 zimenezo zimafuna chaja ya 350 kW, ndipo ine pa msewu wa N7 wonse kuchokera pa mlatho wa Samora Machel mpaka ku Zóbuè sindinaionepo. Pa soketi ya kunyumba Ioniq 5 imadikira mofanana ndi ina iliyonse. Kulipira ndalama zambiri chifukwa cha 800 lero lino ku Tete n'kugula chinthu chimene simudzachigwiritsa ntchito. Chimene chingakuthandizenidi pa galimoto imeneyi n'chakuti imatulutsa magetsi a m'nyumba, mpaka 3.6 kW, moti magetsi akazima furiji, fani ndi pampu ya madzi zimapitiriza. Atto 3 nayonso imatha zimenezi.

Mota sindichedwapo chifukwa onsewa amagwiritsa ntchito ya maginito okhazikika ndi giya imodzi yokha yotsitsa liwiro, ndipo mota sikawirikawiri kufa. Kusiyana kuli poiika. ID.3 ndi Ioniq 5 zinaibwezera kumbuyo, zomwe pa ID.3 zinapatsa matayala akutsogolo mpata wokhota kwambiri. Atto 3, Kona ndi Leaf zimakoka ndi kutsogolo. ID.3 ili ndi mabuleki a dilamu kumbuyo, ndipo si umphawi ayi: mota ndiyo imagwira ntchito yambiri yochepetsa liwiro, ndipo dilamu yotseka imapirira fumbi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ngati wokonza ndi kuphatikiza zipangizo. BYD imanyadira kuti inaika zinthu 8 m'bokosi limodzi: mota, giya, inveta, chaja ya mkati, chotsitsira magetsi kuti afike pa 12, chogawira magetsi, ndi makompyuta awiri. Kulemera kumachepa, mawaya amachepa, magetsi satayika. Koma kakang'ono kamodzi kakapsa mkatimo, sipeyala yake simungaipeze pamsika, mudzaitanitsa kuchokera kutali n'kudikira. Hyundai ndi Kia anaphatikiza chaja ya mkati ndi chotchajira batire laling'ono m'kabokosi kotchedwa ICCU, ndipo mu 2024 anaitanitsa magalimoto opitirira 100,000 ku America kokha chifukwa kabokosiko kankapsa, batire la 12 n'kutha, galimoto n'kufooka pamsewu batire lalikulu lili lodzaza. Amene ali pafupi ndi dila amakonzeredwa mwaulere. Amene anaitanitsa yekha n'kuifikitsa ku Tete adzalipira yekha. Apa magalimoto ongosinthidwa amabwezako chigoli: mashoko, mabushi, magalasi ndi nyali za Kona kapena e-Golf zambiri n'zofanana ndi za abale awo a petulo.

Pali ndalama ina yobisika, ya pulagi. Yochokera ku Japan imabwera ndi CHAdeMO, ngakhale Atto 3 yogulitsidwa kumeneko. Ya ku South Africa ndi ku Ulaya imabwera ndi CCS2. Yopangidwira msika wa mkati mwa China imabwera ndi GB/T, chiwongolero chilinso kumanzere. Zitatuzi sizilowana, ndipo adaputala ya chaja yachangu ndi yodula. Popeza machaja a ku South Africa ndi a CCS2, nzeru ili potsata komweko. Chingwe chotchajira kunyumba chochokera ku Japan chinapangidwira mavoti 100 kapena 200, osati 220 athu, ndiye chimafuna kusinthidwa. Kenako nyumba yanu. Soketi wamba imapereka pafupifupi 2.2 kW, kutanthauza kuti batire la 60 kWh lopanda kanthu lidzadya tsiku lathunthu ndi maola ena pamwamba. Chaja ya pakhoma ya 7 kW imamaliza usiku umodzi, koma imakoka ma ampeya 32 kwa maola 9 osapuma. Mawaya opyapyala a m'nyumba zathu zambiri sangapirire zimenezo. Pamafunika waya wake wokhuthala kuchokera pa bokosi, bureka yake, ndi ndodo ya ethi yokhomedwa bwino, chifukwa zingwe zambiri zimakana kutchaja zikaona kuti ethi palibe. Muwerengere zimenezi musanatumize ndalama ku Japan.

Mayunitsi a Credelec, magetsi olipiriratu a m'nyumba, ndi kWh yomweyo yolembedwa pa batire, choncho masamu ake ndi apafupi. Galimoto yapakatikati imadya mayunitsi 15 mpaka 18 pa makilomita 100. Yerekezani nokha ndi malita amene mumathira pa bomba. Ichi ndiye chifukwa chake nkhaniyi ndimaitenga ndi mtima wonse. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino, ku Songo, lili ndi mphamvu ya 2,075 MW, ndipo magetsi ake ambiri amapita ku South Africa pa mawaya a makilomita oposa 1,400, pamene dizilo wathu amabwera pa thiraki kuchokera kudoko. Ngakhale graphite ya m'mabatire ikukumbidwa m'dziko momwe muno, ku Balama ku Cabo Delgado. Ndikufuna magalimotowa ayende bwino kuno, ndipo sindikufuna anthu awatembenukire msana chifukwa oyamba kugula anapsa ndi mabatire osaziziritsidwa.

Yeso langa ndi ulendo wopita kwathu. Kuchoka ku Tete kudutsa Moatize, kukhotera pa Mussacama mpaka ku Ulongwe ndi makilomita oposa 200, ndipo mumakwera mamita opitirira 1,000. Kukweza galimoto ya makilogalamu 1,800 pa chitunda chotere kumadya mayunitsi 5 kapena 6 pamwamba pa a ulendo wenileniwo, AC ndiye sitinamuwerengere. Pamafunika mayunitsi osachepera 40, kawirikawiri 45. Leaf ya 24 kapena 30 kWh sifika, ngakhale itakhala yatsopano. e-Golf sifika. Leaf ya 40 kWh imene yafota kale idzakusiyani m'njira. Atto 3 ya 60 kWh, Kona ya 64 ndi ID.3 ya 58 zimafika ndi kotsala. Pobwerera, kutsetserekako kumabweza ena mwa magetsi aja m'batire kudzera mu mota, mabuleki osatentha n'komwe.

Ndiye tigule iti? Wokhala ku Tete kapena ku Moatize, amene amayenda pa phula ndipo ali ndi mpanda wotchajiramo usiku, ine ndingamulozere ku Atto 3 ya 60 kWh ya pulagi ya CCS2, imene yakhala ikugulitsidwa ku South Africa kuyambira 2023. Si yokoma kuyendetsa ngati ID.3, siitchaja mwachangu ngati Ioniq 5, koma ili ndi LFP, ili ndi choziziritsira, ndipo mimba yake ndi yokwererapo kuposa zinazo. Yachiwiri ndi Kona ya 64 kWh yokhala ndi pepala lake la batire. ID.3 ndi Ioniq 5 ndi magalimoto omangidwa mwaluso, koma ndi a munthu amene angapirire kudikira sipeyala ndipo sachoka pa phula. Leaf ndi e-Golf m'chigwa muno ayi, ndakana, ngakhale mtengo utatsika bwanji. Kumtunda kozizira, ku Ulongwe kapena ku Calómuè, kwa munthu woyenda maulendo afupiafupi, Leaf ikhoza kutumikira, koma pokhapokha wogulitsa atumize chithunzi cha LeafSpy, pulogalamu ya pafoni yowerenga batire la Leaf, chosonyeza SOH, nambala ya thanzi la batire, pamodzi ndi nambala ya chasisi, ndipo SOH imeneyo igwirizane ndi zaka ndi makilomita a galimotoyo. Ikaoneka yabwino mopitirira pa galimoto yakale, kayikirani. Amene ntchito yawo imawafikitsa m'midzi ya ku Macanga, Chifunde kapena Zumbo m'nyengo ya dzinja, Hilux yawo asaigulitse kaye.